Kodi kalongonda angathandize bambo anga odwala Parkinson's?

Moni nonse a pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima.

Bambo anga ali ndi zaka 71. Zinayamba ndi dzanja lamanja, limanjenjemera akangokhala phee, chala chachikulu chikupekesana ndi chinzake ngati akupota ulusi. Kenako kayendedwe kanasintha, amakhwekhwereza mapazi, akafika pakhomo amaima nji ngati wina wawagwira miyendo. Munthu amene ankalima munda wonse yekha lero akulimbana ndi batani la malaya, tiyi theka amathera pa thalauza. Kumudzi anayamba kulozana zala za ufiti, koma dokotala m'tauni anati ndi Parkinson's: timaselo ta mu ubongo topanga dopamine, yemwe amathandiza thupi kuyenda bwino, tikufa pang'onopang'ono. Anawapatsa mapiritsi a levodopa wophatikiza ndi carbidopa, ndipo akamwa amadya okha nsima bwinobwino. Vuto ndi lakuti mankhwalawa amasowa, ndipo ku famase mtengo wake sindingaukwanitse mwezi ndi mwezi.

Tsono ndamva kuti kalongonda, mbale wake wa chitedze uja, ali ndi levodopa yemweyo m'njere zake, ndipo ku India akhala akumugwiritsa ntchito ngati mankhwala kuyambira kalekale. Ife timamudzala m'munda kuti abwezeretse chonde! Koma ndikukumbuka agogo ankamuphika tsiku lonse, kutaya madzi kangapo, n'kumati wosapsa amazunguza mutu. Kodi ndingawapatse bambo? Nanga n'zoona kuti amateteza ubongo kuti matendawa asapitirire?

Yankho: Achemwali, pepani ndi matenda. Zoti kalongonda ali ndi levodopa n'zoona, ndipo madokotala anamuyesapo pa odwala ku London ndi ku Bolivia, kuuma kwa thupi kunkachepadi. Koma ku Bolivia atamwa kwa miyezi ingapo, ena analeka chifukwa cha nseru ndi m'mimba. Kalongonda alibe carbidopa, amene ntchito yake ndi kuteteza levodopa kuti asaphwanyike asanafike ku ubongo, choncho pamafunika wambiri. Mphamvu yakenso imasiyana njere ndi njere. Mukaphika ngati agogo aja, mankhwala ambiri amapita ndi madzi. Mukapereka wosapsa, mutha kupyoza muyezo, bambo n'kuyamba kusanza kapena kuona zinthu zomwe palibe. Za kuteteza ubongo zaoneka pa makoswe ndi m'malabotale, pa anthu sizinatsimikizike. Levodopa amachepetsa zizindikiro, sabwezeretsa maselo omwe afa.

Yankho: Chonde musaphatikize kalongonda ndi mapiritsi pa inu nokha, komanso musawasiyitse mapiritsi mwadzidzidzi, n'zoopsa. Amalume anga atasowa mankhwala masiku anayi anauma thupi lonse, tinachita kuwanyamula. Uzani dokotala poyera kuti ndalama zikuvuta. Ndipo asamangokhala pa mkeka, aziyenda m'mawa uliwonse wina atawagwira.

Yankho: Samalaninso ndi makapisozi a pa WhatsApp olembedwa Mucuna (dzina la sayansi la kalongonda), simungadziwe zomwe aikamo.

Mwini funso: Zikomo kwambiri abale anga. Ndinali nditasenda kale njere zodzaza mbale, ndaziika padera. Atsala ndi mapiritsi a masiku 9. Lachiwiri ndiwaperekeza kuchipatala, ndipo ndikanyamula njerezo kuti adokotala akazione ndi maso awo.