Tiana ta nkhasi tapezeka m'damu langa la kudimba, nditani?

Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru, makamaka inu a kunyanja.

Ndimakhala ku Mangochi, pafupi ndithu ndi mtsinje wa Shire. Kudimba ndinakumba kadamu kothirira ndiwo zamasamba, ndipo chaka chatha ndinaikamo mbewu ya makumba ndi chilunguni. Lachitatu cha m'ma 9 koloko, ndikukawaza madeya, ndinaona tinthu titatu tikuwothera dzuwa pamchenga wa m'mphepete, kumbuyo kuli m'madzi. Poyamba ndinkayesa masamba a mango ovunda. Nditasendera, tiwiri tinangoti psiti kulowa m'madzi, kachitatu kanadzikwirira mumchenga pomwepo, kunja kungotsala kamphuno.

Ndinakafukula. Kakulidwe kake ngati pansi pa kapu ya tiyi. Chigoba chake sicholimba ngati cha fulu ayi, n'chofewa m'mphepete ngati chikopa chonyowa. Mphuno yosongoka ngati kapaipi, mwendo uliwonse zikhadabo zitatu. Khosi ndiye musanene! Kanalitulutsa lonse n'kulipinda mpaka kumsana kufuna chala changa, ine n'kukaponya m'ndowa msangamsanga.

Amayi anga akuti ndi nkhasi, ngakhale iwo anazolowera kuona zikuluzikulu zokodwa m'makoka. Ndiye tafika bwanji muno, damu lopanda ngalande yochokera kumtsinje? Kodi sitindithera nsomba? Ana akulira kuti tiziweta, koma mtima wanga ukukana.

Msodzi wa ku Malombe: Achimwene, ndi nkhasi zimenezo, amayi sanalakwe. Nthawi ya dzinja yaikazi imatuluka m'madzi kukakumba pamchenga n'kuikira mazira, 20 kapena kuposerapo pang'ono. Tiana tikaswa timangoyenda kufuna madzi, ndiye tinayamba kupeza anuwo. Mukaona titatu dziwani kuti mwina tilipo tina m'matopemo. Ikakula imaluma moti simudzaiwala, ana asamaseweretse.

Mayi woweta nsomba ku Zomba: Bambo, panopa musade nkhawa kwambiri, pamsinkhu umenewo timadya tinkhono ndi tizilombo ta m'madzi. Vuto ndi mtsogolo. Nyama imeneyi chigoba chake chimapitirira masentimita 50, ndipo imabisala mumchenga kudikirira nsomba idutse. Makumba anu akamaswa, tiana take tidzakhala ndiwo. Damu lanulo n'lalikulu bwanji?

Mwini funso: Mamita 6 m'litali, 4 m'lifupi, mayi. Kuya kwake mpaka m'chiuno, koma pofika Okutobala limaphwa kufika m'mawondo.

Mayi woweta nsomba ku Zomba: Ndiye n'lochepa zedi. Madzi akachepa chonchi amatentha, komanso ng'azi ndi anantchengwa adzatitola mosavuta.

Mnyamata wa ku Monkey Bay: Akulu, tiweteni tikule, ndiwo yaulere imeneyo kkkk

Mphunzitsi wa ku Liwonde: Aphwanga, za ndiwozo tisiye. Nkhasi ya kuno, imene asayansi amaitcha Cycloderma frenatum, imapezeka m'nyanja ya Malawi, mu Shire, kumunsi kwa Zambezi ndi mitsinje ina ya ku Mozambique ndi Tanzania, ndipo bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaiika pamndandanda wa nyama zimene zili pachiopsezo chakutha. Mazira amafukulidwa, zazikulu zimafera m'maukonde. Titatu timeneti si tamasewera. Achimwene, kaye funsani a nthambi yoona za nyama zakutchire, chifukwa kusunga nyama yakutchire pakhomo kumayendera chilolezo. Akakuuzani kuti mukabwezere, sankhani pamalo osaya, a mchenga ndi mabango, kutali ndi dooko la asodzi. Ndipo ana asambe m'manja ndi sopo akagwira, nyama za mtundu umenewu zimatha kupatsa matenda otsegula m'mimba.

Agogo ena: Ka m'ndowako musakadzazire madzi mwanawe. Thirani mchenga pansi, madzi ongokwana kuti katulutse mphuno, muike pamthunzi.

Mwini funso: Zikomo agogo, ndachita momwemo, kadzikwirira kale. Aphunzitsi, mawa ndiimba foni ku ofesiko. Koma tiwiri tija tachenjera, tikangomva mapazi anga basi talowa. Ndayesa ndi chitete madzulo ano, ndangovundula matope, nsomba n'kuyamba kupuma pamwamba. Alipo amene akudziwa kagwiridwe kake popanda kuphwetsa damu?

Msodzi wa ku Malombe: Pitani m'mawa dzuwa likangoyamba kutentha, mukhale kaye chete patali muone pamene tagona. Kenako fufuzani ndi manja mumchenga wa pomwepo, sitithawira kutali. Mugwire chakumchira.