Mayeso onse agwa nditakweza Selenium kuchoka pa 3.141

WoyesaWaSalima:
Anzanga a ntchito, ndithandizeni msanga, chifukwa Lachisanu tiyenera kupereka pulogalamu yolembetsera alimi a mpunga kuno ku Salima koma palibe mayeso amene akudutsa. Chrome ya pa seva inadzikweza yokha, ChromeDriver yakale (driver yolumikiza mayeso ndi Chrome) n'kuyamba kukana ndi SessionNotCreatedException, choncho ndinakweza Selenium ya Python, library yoyendetsa bulawuza poyesa pulogalamu, kuchoka pa 3.141 kufika pa version yatsopano. Tsopano ikuti executable_path siikuidziwa, ndipo ndikachotsa zimenezo ikuti WebDriver ilibe find_element_by_id. Mizere yotereyi yadzaza m'mafayilo onse. Kodi pali njira yoti code yakale igwirebe ntchito popanda kuilembanso?

MkuluWaDwangwa:
Achimwene, bwererani kumene munali. Lembani selenium==3.141.0 mu requirements.txt, mupeze ChromeDriver yogwirizana ndi Chrome yanu, basi. Vuto linali la driver, inu mwakagwira library yomwe sinalakwe.

MayiWaSengaBay:
Akulu akunena zoona kuti gwero lake linali driver. Kuyambira pa Chrome 115, ChromeDriver imapezeka pa tsamba la Chrome for Testing, yomwe ndi Chrome yapadera ya mayeso, ndipo tsamba lakale linathera pa 114, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti yasowa. Koma zobwerera pa 3.141 sindikugwirizana nazo. Version imeneyo ndi ya 2018, ndipo mukaiika lero pa kompyuta yatsopano imakoka version 2 ya urllib3, library imene Selenium imagwiritsa ntchito polankhula ndi driver, kenako n'kugwa ndi ValueError yonena za timeout bulawuza isanatseguke n'komwe, pokhapokha mutamangiriranso urllib3 pansi pa 2.

Zimene mukuonazo zinachotsedwa pa nthawi ziwiri zosiyana. Ma find_element_by onse anachoka mu 4.3.0 mu 2022, pomwe executable_path ndi desired_capabilities zinachoka mu 4.10.0 mu 2023. Ndiye ngati Lachisanu likukupanikizani, imani kaye pa 4.2.0, yomwe imalandirabe zonse ziwiri n'kumangochenjeza. Kenako muzisintha fayilo imodziimodzi kukhala find_element(By.ID, ...), ndipo malo a driver muziwapereka kudzera mu Service. Chonde musasinthe mafayilo onse nthawi imodzi ndi regex (njira yosakira ndi kusinthira mawu) osawerenga zotuluka, chifukwa find_element ndi find_elements zimangosiyana ndi chilembo chimodzi, koma yoyambayo imagwa ikasowa chinthu pomwe yachiwiriyo imabweza list yopanda kanthu mwakachetechete, mayeso n'kumadutsa pamene sanayese kalikonse.

MkuluWaDwangwa:
Amayi, kumangirira urllib3 ndi mzere umodzi wokha. Kusintha mayeso onse ndi ntchito ya sabata yathunthu imene palibe adzailipire. Mwini pulogalamu safunsa version ya Selenium.

WaKuBomaNkhotakota:
Ndiwonjezerepo chenjezo limene linatidyera nthawi kwathu kuno. Titasintha zonse zimene amayi atchulazo, mayeso ankadutsa pa laputopu koma pa seva Chrome inkafa isanayambe. Tinakayikira driver, tinakayikira zilolezo za mafayilo, mpaka tinakayikira magetsi. Kumapeto tinapeza kuti options.headless = True, yoyendetsera Chrome popanda windo, inachotsedwanso, koma chifukwa Python imalola kuti uike dzina lililonse pa object, mzerewo sunkadandaula ngakhale pang'ono. Chrome inkafuna kutsegula windo pa makina opanda sikirini. Lembani options.add_argument("--headless=new"), ndipo muikenso kukula kwa windo, chifukwa likachepa mabatani ena amabisika mu menyu ndipo click imalephera.

Ngati muli ndi Grid, yoyendetsera mayeso pa makina ena, samalaninso ma capabilities, amene amanena bulawuza ndi makina amene mukufuna. Selenium 4 inasiya njira yakale yolankhulira ndi driver, JSON Wire Protocol, n'kutsata W3C WebDriver, choncho version inakhala browserVersion, platform inakhala platformName, ndipo dzina losakhala la W3C liyenera kukhala ndi chiyambi chonga goog: apo ayi session imakanidwa.

MayiWaSengaBay:
China ndi Selenium Manager, yomwe inabwera mu 4.6. Anthu amaitamanda chifukwa imadzipezera yokha driver, koma imafuna intaneti kuti itsitse, ndipo tonse tikudziwa mmene netiweki imachitira kunyanja kuno mvula ikayamba. Zimene yatsitsa imazisunga mu ~/.cache/selenium, kotero ngati seva yanu imafufuta zonse ikamaliza mayeso, iziyambiranso kutsitsa ulendo uliwonse ndipo bandulo izithera pomwepo. Ine ndimasunga Chrome for Testing ndi driver wake pa seva, popeza imeneyo siidzikweza yokha. Dziwaninso kuti mukaima pa 4.2.0, Selenium Manager mulibemo.

MkuluWaDwangwa:
Mwamva nokha, achimwene. Headless, capabilities, Manager, bandulo, zonsezi zabwera chifukwa chokweza. Anzathu a Java zinawavuta kuposa apa, chifukwa kuyambira pa 4.14 Selenium inayamba kufuna Java 11, ndipo amene anali pa Java 8 anayenera kukweza makina onse chifukwa cha mayeso okha. Ine ndikadali pa 3.141 ndipo mayeso anga akudutsa.

WaKuBomaNkhotakota:
Akulu, akudutsa chifukwa kompyuta yanu sinafe. Tsiku limene mudzaike zonse pa makina atsopano mudzakumana nazo zomwezi, ndipo zidzakhala zitachuluka kuposa lero. Achimwene a ku Salima, tiuzeni version ya Python ndi ya Chrome zimene zili pa seva yanuyo, komanso ngati mukugwiritsa ntchito webdriver-manager, library ina yotsitsira driver, chifukwa version zake zakale zimasakabe driver pa tsamba lothera pa 114 lija.