Buku la achinyamatali ndi dystopia, kapena ndi tsoka chabe?

Mkonzi: Anzanga, ndithandizeni. Pali buku la owerenga a zaka 13 mpaka 16 lomwe mlembi wake akuti ndi dystopia. Chilala chapulula anthu, otsala akungoyendayenda kusaka madzi. Mitu itatu yoyamba ndi mbiri ya chilalacho basi. Tidule pati, nanga kuchikuto tilembepo chiyani?

Mphunzitsi: Momwe mwafotokozeramu, akulu, si dystopia ayi, ndi nkhani ya opulumuka chiwonongeko. Mu dystopia dongosolo limakhalapo, ndipo ndi dongosololo lomwe limapweteka anthu: olamulira alipo, malamulo alipo, chilango chilipo, koma aliyense amauzidwa kuti zinthu zili bwino. Mawuwa ndi achigiriki, dys ndi choipa, topos ndi malo. Amatsutsana ndi utopia, dzina la dziko langwiro longoyerekeza, lomwe mlembi wa ku England Thomas More anapeka mu 1516. John Stuart Mill anatchulapo anthu ena kuti dystopians m'nyumba ya malamulo ya Britain mu 1868.

Mkonzi wina: Musalitaye. Mfunseni mlembiyo funso limodzi: madzi otsalawo akugawa ndani? Akayankha, dongosolo lapezeka. Aike lamulo limodzi lokha lomwe mwana angathe kulibwereza, monga malita 5 pa munthu pa tsiku, ndi khadi, ndipo wopitirira zaka 60 amachotsedwa m'kaundula. Mutu woyamba uyambire pamzere wa pampopi: mtsikana wanyamula zigubu ziwiri, mlonda akumudzazira chimodzi chifukwa dzina la agogo ake lafufutidwa. Mbiri ija itsike kufika masamba awiri, ndipo imwazike m'zokambirana za anthu. Ikaunjikana kumayambiriro, mwana amatseka buku asanakumane ndi munthu woti amumvere chisoni.

Chomwe alembi amalakwitsa kwambiri n'kuyamba ndi mtsikana woukira kale. Ayambe akukhulupirira lamulolo, mwinanso akunyadira khadi lake. Kukayika kubwere pang'onopang'ono.

Wa laibulale: Nkhanza zisabisidwe, koma magazi achepe. Mpando wa agogo wopanda munthu umakwanira. Kumapeto mtsikanayo asagwetse boma yekha, owerenga a msinkhu uwu sapusitsika choncho.

Womasulira: Kuchikuto musalembe "dziko loipa", amayi, zimveka ngati ulaliki. Siyani dystopia momwemo, pansi pake mulembe kuti "dziko looneka ladongosolo koma lopondereza anthu ake". Mlembi akakana kusintha nkhaniyo, mawuwo achoke pachikutopo.