Zimene tapeza pa za maso a mwana wobadwa masiku asanakwane

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chimene anamwino anatumizira mwana wa mchemwali wanga, wobadwa pa miyezi 7 kuno ku Nsanje, kukapimidwa maso ku Blantyre, chikhalirecho maso ake ankaoneka abwinobwino. Dokotala wa maso anatifotokozera kuti mitsempha ya magazi ya retina, kumbuyo kwenikweni kwa diso, imakhala isanamalize kukula, makamaka mwa mwana wobadwa masabata 32 asanakwane kapena wosafika makilogalamu 1.5. Okosijeni woperekedwa mosayeza, matenda a m'magazi, kuikidwa magazi ndiponso kusakwera sikelo zimawonjezera chiopsezo choti mitsemphayi ikule molakwika n'kuwononga maso. Wathuyu anabadwa ndi makilogalamu 1.3, ndipo mayi ake anadwala malungo ali woyembekezera, zomwe kuno ku Chigwa cha Shire sizachilendo. Dokotalayo anamudontheza mwanayo mankhwala m'maso, namupima akulira kwambiri, ndipo adzamuonanso pakatha masabata awiri.