Kodi Monsal Trail ndi njira yoti agogo ndi ana angayendemo?

Nabanda:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mudafikako ku Monsal Trail, m'dera la Peak District ku England. Amayi anga adabwera kudzatichezera kuno ku Sheffield, ndipo ndikufuna kuti Loweruka lina ndikawayendetseko pamodzi ndi ana anga awiri, wamng'ono ali ndi zaka 6. Nkhawa yanga ili pa mawondo a amayiwo, poti zitunda zimawavuta. Nanga njinga tichite kunyamula zathu?

Bambo Phiri:
Mayi Nabanda, za zitunda musade nazo nkhawa. Njirayi idali njanji ya Midland Railway yolumikiza Manchester ndi London, yomwe idatsekedwa mu 1968, ndipo popeza sitima siyikwera chitunda chachikulu, omanga adachita kuboola mapiri ndi kumanga milatho kuti njanji idutse poyalana. Kuchokera ku Bakewell kukafika ku Blackwell Mill ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 14, koma palibe chokukakamizani kuti muimalize. Mukayambire pa siteshoni yakale ya Hassop, pomwe pali malo oimikapo galimoto, malo odyera komanso obwereketsa njinga. Popita mumakwera pang'onopang'ono osazindikira n'komwe, choncho pobwerera miyendo imapepukidwa.

Nangozo:
Ndiwonjezerepo za ngalande ya Headstone, yomwe ndi njira yoboola phiri, imodzi mwa ngalande 4 zimene adazitsegulira anthu mu 2011. Ndi yaitali pafupifupi theka la kilomita, ndipo ngakhale kunja kutenthe bwanji, m'katimo mumazizira, madzi akudontha kuchokera kudenga, moti agogowo musawaiwalire juzi. Magetsi amayaka masana okha. Wanga wamng'ono adakakamira dzanja langa polowa, koma atamva mawu ake akubwerera kuchokera m'makoma, adayamba kukuwa dala mpaka tidatulukira pa mlatho waukulu wa pamwamba pa mtsinje wa Wye. Pamenepo mpomwe mudzafune kuima nthawi yaitali.

Bambo Phiri:
Zoonadi, koma pa mlathopo pali kanjira kokwera ku Monsal Head, ndipo kameneko ndi kachitunda kenikeni, amayi asakayesere. Komanso Loweruka kumadzaza oyenda pansi, agalu ndi apanjinga, ena othamanga osaliza belu, choncho mwanayo aziyenda kumbali, pafupi ndi inu.

Nabanda:
Zikomo nonse. Tikayambira ku Hassop m'mamawa, ana akakwera njinga zobwereka, ine ndi amayi tikayenda wapansi mpaka pomwe mawondo akalole.