Ndachitidwa opaleshoni ya haniya, kabaza ndiyambirenso liti?

Wakabaza_Mchinji:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ine ndimapalasa kabaza pa boma la Mchinji. Masabata atatu apitawa anandichita opaleshoni ya haniya, mbali ya kumanja pachinena. Chotupacho ndinakhala nacho nthawi yaitali: ndikanyamula katundu kapena kutsokomola chimatuluka, ndikagona chagada chimalowa chokha. Ulusi anachotsa kale ndipo bala lauma. Koma ndikapapasa pansi pa chipsera ndikumva kamzere kolimba ngati chingwe, khungu lapafupi lachitanso dzanzi. Kodi yabwereranso?

Chachiwiri, njinga yangotsamira khoma m'nyumba, ana akufuna ya sukulu, ndipo amayi a geni ya tomato amene ndimawanyamulira ayamba kuzolowera anzanga. Adokotala anati ndisanyamule zolemera. Nanga munthu akakhala pa kaliya, ameneyo ndi katundu wolemera kapena ayi?

NamwinoWopuma:

Pepani ndi matenda, bambo. Kamzere kolimbako si haniya, ndi mnofu umene ukupola pomwe anasoka. Kamafewa pang'onopang'ono, kwa ena mpaka miyezi ingapo. Dzanzilo limabwera chifukwa pocheka timitsempha tapakhungu timakhudzidwa. Haniya ikabwerera mudzaizindikira, chifukwa imachita zomwe inkachita kale zija: kutuluka mukaimirira kapena kutsokomola, kulowa mukagona.

Chimene chimanamiza anthu ambiri ndi khungu. Lokha limatseka msanga, m'masiku 10 munthu amaona ngati wachira. Koma ntchito yeniyeni inachitika m'kati, pakhoma la mimba pomwe panali mpata uja, ndipo pamenepo pamafuna masabata 4 mpaka 6 munthu asanayambe ntchito yamphamvu. Onaninso m'kabuku kanu ka kuchipatala ngati anaika meshi, kaukonde kolimbitsa khoma kaja, kapena anasoka ndi ulusi wokha. Zipatala zathu zimachita njira ziwiri zonsezi, ndipo amene anakuchitani opaleshoni ndiye angakuuzeni tsiku lenileni malinga ndi zomwe anapeza m'katimo.

Koma musamvere aja amati gonani mwezi wathunthu. Yendani tsiku lililonse, lero pofika pamsika, mawa kupitirira pang'ono. Kungogona kumadzimbitsa, komanso magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo.

MkuluWaPaSiteji:

Achimwene, ine ndinadutsa momwemo, ndine wakabaza mnzanu kuno ku Dedza. Kupalasa pakokha si kumene kumapweteka ayi. Choopsa chili pa zinthu zitatu izi zimene sitiziwerengera n'komwe: kukweza thumba la makilogalamu 50 pa kaliya, kudzutsa njinga yodzaza ikapendekeka, ndi kuimirira pamapedulo pachitunda uku utagwira mpweya. Pamenepo mimba yonse imakankhira pabala. Ndipo inde, kasitomala ndi katundu wolemera. Mayi wonenepa bwino ali ndi dengu lake pamiyendo amaposa thumba la chimanga, musadzinamize.

Ine ndinayamba ndi njinga yopanda kanthu, pamalo osalala, chishalo nditatsitsa pang'ono kuti mwendo usamakoke pachinena. Msewu wa maenje ndinkaupewa, chifukwa kugwedezeka kulikonse ndinkakumva pabala penipeni. Adokotala atandilola ndinayamba ndi ana asukulu ndi timakatoni. Matumba anabwera pamapeto, ndipo mpaka lero pokweza ndimaitana mnzanga tigwirizane, ndimapinda mawondo osati msana.

Za makasitomala, perekani njingayo kwa mphwanu kapena mnyamata wokhulupirika, madzulo muzigawana. Amayi a tomatowo akaona njinga yanu pasiteji sapita kwina.

MayiWaAtatu:

Ine ndiyankhulako ngati amene ndinasamalira wodwala. Bambo a kunyumba kwathu chimene chinawavuta kwambiri ndi kuchimbudzi. Munthu akadzimbidwa amadzikakamiza, ndipo kudzikakamizako n'chimodzimodzi kunyamula katundu. Akazi anu akuphikireni masamba ambiri, chisoso, nkhwani, bonongwe, mudyenso mapapaya, madzi muzimwa osadikira ludzu. Mukafuna kutsokomola kapena kuyetsemula, gwirani pabala ndi dzanja kapena pilo. Ngati mumasuta, ino ndiyo nthawi yosiya, chifuwa cha fodya chimavutitsa bala.

Ndipo amunanu mumaganiza kuti katundu ndi thumba lokha. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, kunyamula mwana wa zaka zinayi ndi katundu, khasu nalonso ndi katundu. Athu ndinawapeza akuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba ati akungoongola thupi. Nkhwangwa ndinakaibisa kwa aneba.

Wakabaza_Mchinji:

Zikomo nonse. M'kabuku alembamo tsiku lobwerera, ndikafunsa za meshizo. Njinga ndamupatsa mlamu wanga kuyambira mawa. Koma pali kanthu kena, mundikhululukire amayi muli pano: nanga za m'nyumba zija?

NamwinoWopuma:

Funsani ndithu bambo, ambiri amachita manyazi n'kumangovutika mumtima. Opaleshoni imeneyi siletsa za m'banja. Ambiri amayambiranso pakatha masabata awiri kapena atatu, malinga ngati sakumva kupweteka, ndipo pakapweteka amasiya kaye. Kutupa pang'ono kapena kuda kwa khungu kumaliseche m'masiku oyamba kumachitika, kumatha kokha.

Izi zokha musadikire nazo tsiku la m'kabuku: thupi kutentha, bala kufiira kapena kutuluka mafinya, chotupa cholimba chopweteka chimene sichikulowa mukagona, kusanza, kapena mimba kufufuma osatulutsa mpweya ngakhale chimbudzi. Zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ndipo pa njingapo mukhale pa kaliya, apalase mlamu wanuyo.