Ulendo wa ana a Fomu 3: tinalonjeza rafting, koma pa mtsinje uti?

Mphunzitsi wa Geography

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, ndagwira njakata. Ndine patironi wa kalabu ya zachilengedwe pa sekondale ina yoyendera kuno ku Zomba. Tili ndi ulendo wa masiku atatu sabata yachiwiri ya Juni, ana a Fomu 3 okwana 42, mwa iwo atsikana 19. Ndondomeko tinatengera kwa anzathu a sukulu ina ya kunja amene timalemberana nawo: tsiku lina kuona malo a mbiri, lina kukwera phiri, lina rafting, kuja kopalasa bwato la mphira pa madzi othamanga. Tinalemba momwemo m'kalata ya makolo, ana anasangalala, ndalama zinayamba kubwera. Tsopano ndatha sabata yathunthu ndikuimba mafoni, woti atichititse rafting kufupi kuno sindinamupeze. Ana nkhani ili pakamwa ndi ya bwato basi. Chinanso, ana 13 sanalipire, ndipo makomo awo ndikuwadziwa, ambiri sadzakwanitsa. Za phiri ndimaganiza Mulanje, mpaka pa Sapitwa, tikagone komweko masiku awiri.

Gaidi wa ku Chawe

Aphunzitsi, ndiyambe ndi phiri chifukwa ndiyo ntchito yanga. Sapitwa muiwale kaye. Ndi mamita 3,002, ndipo kuchokera pa Likhubula mumatha tsiku lonse kuti mukafike pa kanyumba ka Chisepo, mawa lake n'kukwera pamwamba ndi kubwerera, tsiku lachitatu n'kutsika. Masiku anu onse atatu atheratu pamenepo. Chigawo chomaliza si njira yoyenda chilili, ndi miyala ikuluikulu yokwawa ndi manja, pena kulowa pansi pa mwala. Anthu akuluakulu atayikapo kumeneko. Ndiye Juni ndi nthawi ya chiperoni, nkhungu ikatsika munthu ali mapazi khumi kutsogolo kwanu simumuona. Ana 42 pa Chisepo agonanso pati?

Phiri lili kuseri kwa sukulu yanu mukulisiya bwanji? Kwerani Potato Path, njira ija anthu amatsikira ndi mbatata ndi nkhuni kupita kumsika. Ndi ana, muwerengere maola awiri kapena kuposerapo kuti mufike ku Chawe. Thukuta adzakhetsa lokwanira, musadandaule kuti ndi phiri laling'ono, nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Kuchoka apo damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, ndipo amphamvu akafike ku Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965. Kukayera bwino, Chilwa ndi Mulanje zimaoneka zonse.

Mphunzitsi wa kunyanja

Za bwato bwerani kwathu kuno. Pa doko la Kachulu mabwato alipo, amawolotsa anthu kupita ku chilumba cha Chisi tsiku ndi tsiku. Ana aona asodzi a matemba, aona zimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pamadzi, ndipo mtengo wake ndi wachabechabe poyerekeza ndi ku Liwonde. Chilwa ndi phunziro palokha: nyanja yopanda mtsinje wotuluka, inaumapo mu 1995, ndipo ili m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse.

Madamu a Biology

Achimwene a kunyanja, phunziro la Chilwa sindikulikana, koma ana anga m'mabwato a asodzi ayi. Ndifunse kaye mwini ulendo: mwa ana 42 aja, odziwa kusambira ndi angati? Osati odzitama m'kalasi, koma amene inu mukutsimikiza.

Mphunzitsi wa Geography

Ndafunsa lero pa bureki. Anakweza manja 15. Nditafunsitsa kuti amasambira kuti, ambiri anati mu Likangala, pamene madzi amalekeza m'chiuno.

Madamu a Biology

Ndiye kuti mulibe wosambira, tiwerengere choncho. Ine ndinapitapo ndi ana kunyanja ina zaka zapitazo. Mwini bwato pa foni anati malaifi jaketi alipo okwanira. Titafika tinapeza 12, ana 20, ndipo atatu zingwe zake zinali zoduka, anamangirira ndi luzi. Ana anali atavula kale nsapato, akukankhana kukwera. Ndinawaletsa, tinabwerera osakwera, ena analira m'basi mpaka kusukulu, makolo anandinena mwezi wathunthu. Mpaka lero sindinong'oneza bondo. Mwana wa mwini akamira, kalata ya chilolezo imene kholo linasaina siyankha maliro.

Ku Chilwa kulinso likodzo, ndipo kolera amavuta kawirikawiri pakati pa asodzi a m'zimbowera. Mwana wa Fomu 3 mukamuika m'mphepete mwa madzi aviika miyendo basi, ngakhale mumuletse kakhumi.

Rafting yeniyeni imene anzanu akunja aja akunena imachitika pa Zambezi, kunsi kwa mathithi a Victoria, m'chigwa cha Batoka. Kumeneko kuli makampani ake, zipewa zolimba, ndi anthu opalasa timabwato pambali odikira kuvuula wogwa. Shire wathu pa Liwonde ndi wa mvuu ndi ng'ona. Kumunsi kumene amathamanga, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kumene kuli makina a magetsi. Bwato la mphira ndi ana a sukulu lilibe malo pamenepo.

Mphunzitsi wa kunyanja

Madamu, za majaketi mwanena zoona, asodzi ambiri kuno alibe. Ndabweza mawu anga pa zokweza ana. Koma ngati mpata ungapezeke tsiku lina, abwere adzaime pa doko acheze ndi asodzi, ali pamtunda.

Ahedi opuma

Mwana wanga wa Geography, vuto lanu silinayambire pa bwato. Munatenga ndondomeko ya eni ake musanadzifunse kuti ana anu akukaphunzira chiyani. Anzanuwo dziko lawo lina, mitsinje yawo ina. Ndikufunseni: mwana akabwerako, adzayankha funso liti limene lero sangayankhe?

Ine ndikanakhala inu ndikanatsata madzi. Mvula imagwa pa phiri la Zomba. Ina imalowa mu Mulunguzi, n'kudzaza damu limene tauni yonse imamwa, yotsala n'kutsika kudzera ku Botanic Gardens, kukalowa mu Likangala, mpaka ku Chilwa kumene imathera. Ina imatsikira mbali ya kumadzulo kukalowa mu Shire. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage ya mu 1965, imene imasunga ndi kutulutsa madzi kuti makina a ku Nkula ndi kumunsi kwake asasowe. Mwana akaona zitsa za mitengo pamwamba pa phiri Lolemba, Lachitatu n'kuona namasupuni ataunjikana pa baraji, mukamufunsa chifukwa chimene magetsi amazimira kapena mipopi imaumira, ayankha ndi zimene maso ake anaona. Ulendo wanu ndi umenewo. Bwato likhale la injini la ku Liwonde National Park, la eni ake odziwa kumene mvuu zimagona.

Ndipo makolo muwalembere kalata ina sabata ino. Musasinthe mwakachetechete. Munalemba rafting, analipira rafting. Auzeni chimene mwasintha ndi chifukwa chake, ndipo wofuna ndalama yake abwezeredwe. Ahedi anu asaine, apampando a PTA adziwe, ndi kalata yopita ku ofesi ya maphunziro isinthidwenso kuti igwirizane ndi kumene ana adzakhaledi.

Mphunzitsi wa Geography

Bwana, mwandilasa koma mwandithandiza. Nanga 42 m'bwato limodzi zitheka?

Gaidi wa ku Chawe

Musayembekezere zimenezo, mabwato oonera nyama si aakulu. Imbani mufunse zinthu zitatu: bwato limatenga anthu angati, majaketi alipo angati, ndipo a saizi yoti akwane mwana wochepa thupi alipo? Jaketi lalikulu limavuka pamutu munthu akagwera m'madzi. Kenako mmodzi wa inu apite yekha ulendo usanafike akawerenge ndi manja ake, monga anenera Madamu. Kuchoka ku Zomba ndi ola limodzi, si kutali. Mufunsenso za mtengo wa ana a sukulu pa geti, ndipo akuuzeni polemba, osati pakamwa. Pakiyi akuyendetsa ndi a African Parks kuyambira 2015.

Mudzawagawe magulu atatu a 14. Gulu lina lili pamadzi, ena awiri ali pamtunda ndi aphunzitsi awo. M'bwato lamulo ndi limodzi: khala pansi, manja m'kati. Mvuu ikavuuka mbali imodzi, ana onse amathamangira komweko ndi mafoni, bwato n'kupendekeka. Muwauze asanakwere, ndipo mphunzitsi akhale pakati pawo, osati kutsogolo kucheza ndi woyendetsa.

Mphunzitsi wa History

Tsiku la mbiri musalipeputse. M'mawa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda) pafupi ndi Cobbe Barracks, ana awerenge maina a amene anafera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ena apeza maina a kwawo. Kenako nyumba yakale ya malamulo. Ana ambiri obadwira konkuno sadziwa kuti likulu linachoka mu 1975 koma aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. National Archives ili pompano, mukalemba kalata msanga. Masana Magomero, kumene amishoni a Anglican a UMCA anakhala mu 1861, ndi ku PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kwa John Chilembwe, kuti nkhani ya 1915 aimve ataima pamalo pake.

Wa kosita

Aphunzitsi a History, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndanyamula ana a sukulu zaka zambiri. Malo alionse oima, kutsika ndi kukweranso kwa ana 42 kumadya theka la ola, osawerengera chimbudzi. Mukaphatikiza tauni, Magomero ndi PIM tsiku limodzi, mubwerera usiku, ndipo Juni dzuwa limalowa msanga. Ana oyendera mudzawatula kuti mumdima, makamaka atsikana? Za m'tauni yendani wapansi, galimoto musailipire n'komwe. Ku Chiradzulu pangani ulendo wake wapadera teremu ina. Ndipo 42 ndi aphunzitsi awo sakwana mu kosita imodzi, musalole wina akunamizeni kuti apanikizana. Kapena makosita awiri, kapena basi yaikulu.

Mphunzitsi wa History

Ankolo, ndavomera. PIM idikire Januwale, pafupi ndi tsiku la Chilembwe, idzakomanso bwino.

Madamu a Biology

Tsopano onani za ana 13 aja. Mulanje yachoka, ndiye kuti ndalama ya malo ogona yachoka, ya mapota yachoka, ya galimoto masiku awiri yachoka, chifukwa phiri ndi tauni ndi miyendo ndipo ana akugona kwawo. Chotsala chodula ndi tsiku la ku Liwonde lokha. Werengeraninso bajeti. Ngati pali chotsala, musagawire osalipira mwa inu nokha, ndalamazo ndi za makolo ena. Pitani nazo ku PTA, makolo avomere okha. Ndipo maina a ana 13 aja asawerengedwe pa asembule.

Za phiri ndionjeze za ife amayi. Aphunzitsi aakazi akhale osachepera awiri, wina pakati pa mzere wina kumbuyo. M'chikwama muikemo mapadi ndi zitenje ziwiri, osadikira kuti mtsikana apemphe. Fomu ya makolo ifunse za mphumu ndi khunyu, chifukwa mphepo ya ku Chawe m'mawa imadzutsa mphumu, ndipo wa khunyu m'bwato akhale pafupi ndi mphunzitsi. Thanzi ORS, mabandeji, pulasitala wa matuza. Kamba akhale wolimbitsa m'mimba: mbatata yophika, chigumu, mtedza, nthochi. Mwana aliyense botolo lake la madzi.

Gaidi wa ku Chawe

Chonde nsapato muzione Lachisanu, osati m'mawa wa ulendo. Chaka chatha mtsikana wina anabwera ndi nsapato za pulasitiki zatsopano, pofika pakati pa njira chidendene chinali chitasupuka, mnzake anamubwereka sokosi, tinatsika naye pang'onopang'ono maola atatu. Nsapato yakale yozolowera phazi ndiyo yabwino, ngakhale ya sukulu. Juzi aliyense. Muwachenjeze za chitedze m'munsi mwa phiri, asamagwire tchire lililonse, ndipo chakudya asaonetse anyani.

Woyenda pang'onopang'ono kuposa onse ndiye akhale kutsogolo, kumbuyo kwa gaidi. Anyamata othamanga mukawasiya atsogole, mzere umatalika mpaka simuonana. Magaidi awiri pa gulu lotere, wezulo kwa mphunzitsi wakumbuyo, ndipo kuitana maina pa malo alionse opumira. Ikakwana 2 koloko masana, kulikonse kumene mwafika, tembenukani. Chingwe's Hole musaiike, ili kutali mbali ya kumadzulo, wapansi ndi ana simungapite n'kubwerako kukuwala.

Masiku muwasanje chonchi: phiri Lolemba, tauni Lachiwiri, Liwonde Lachitatu. Bwato ndi lobukitsa, silisuntha. Koma mukadzuka Lolemba phiri litafunda nkhungu, mungosinthanitsa ndi tauni, simutaya kanthu.

Mphunzitsi wa Geography

Ndabwera ndi lipoti. Ahedi asaina kalata yatsopano, yapita kwa makolo dzulo. Mpaka pano kholo limodzi lokha lafunsa za kubwezeredwa, nditalifotokozera za ng'ona lati mwana apite. Ana ena anakhumudwa, anyamata awiri ananena poyera kuti tawanamiza, ndipo ndinawavomera kuti kalata yoyamba inalakwika. A PTA akumana Lachinayi pa nkhani ya ana 13, bajeti yatsopano ikuonetsa kuti 9 akhoza kukwanira, 4 otsalawo aphunzitsi tagwirizana zosonkha. Loweruka ndikupita ku Liwonde ndi matironi wathu kukawerenga majaketi. Bwana ahedi opuma, mafunso a madzi aja ndayamba kulemba, tsamba limodzi pa tsiku, ndidzakutumizirani muwaone. A Gaidi, ndikufuna awiri a Lolemba, tikumane pa geti la sukulu 6 koloko.

Gaidi wa ku Chawe

6 koloko ili bwino. Nditumizireni ndandanda wa maina Lachisanu, ndi chizindikiro pa ana a mphumu.